Zithunzi Zimene Sizinajambulidwe: Mmene Ntchito Ikuyendera

8 Julayi

Ndaganiza zoyamba kulemba, chifukwa ntchitoyi ikundizungulira m'mutu usana ndi usiku, ndipo ndikapanda kuilemba penapake ndidzaiwala chimene ndinayambira.

Gwero lake ndi alubamu ya amayi, ija ya chikuto chofiirira imene amaisunga pansi pa zitenje m'sutikesi. Ndinaibwereka mwezi watha. Muli zithunzi 43, ndawerenga kawiri. Kuyambira chithunzi chawo cha ku pulayimale kufikira pamene ananyamula achimwene anga ali khanda, palibe mkazi ngakhale mmodzi wovala buluku, palibe bondo looneka, ndipo amuna onse makutu ali pamtunda, tsitsi lometa bwinobwino. Ndili mwana ndinkangoti anthu akale ankakonda choncho. Ndinadziwa nditakula kuti linali lamulo. Decency in Dress Act ya 1973 inaletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi osaphimba mawondo, lamulo lina linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo ngakhale alendo ochokera kunja ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Lamulo la zovalalo linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Ine ndinabadwa zonsezo zitatha.

Ndiye pali zaka 20 za zithunzi zimene sizinajambulidwe. M'zaka zomwezo achinyamata a ku Bamako ndi ku Kinshasa ankavala mabuluku a belibotomu n'kukaima m'mastudiyo, ndipo zithunzi zawo lero zili m'mabuku. Ndikufuna kupanga zithunzi 12 zoti zikhale m'malo opanda kanthuwo. Wojambula ndine, wojambulidwa ndi ine ndemwe. Anzanga awiri andifunsa kale chifukwa chake sindikupeza atsikana oti ndiziwajambula. Ndalama yowalipira ndilibe, izo n'zoona, koma chachikulu n'chakuti nkhaniyi ndi ya m'banja mwathu, ndipo aliyense amene anawadziwa amayi ali mtsikana amati nkhope ndinatengera iwo.

Chimene ndikuopa ndi bodza. Nditangovala zovala za nthawi imeneyo n'kuchisandutsa chithunzicho chakuda ndi choyera, mawa lake wina achiika pa Facebook n'kulemba kuti Lilongwe 1976, anthu n'kukhulupirira. Choncho ndadziikira lamulo langalanga: m'chithunzi chilichonse mukhale chinthu chosatheka, choti munthu akangochiona adziwe kuti awa ndi maloto. N'chifukwa chake ndikutsata njira ya surrealism. André Breton analemba chikalata choyamba cha gululi ku Paris mu 1924, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikadali m'maso mwa anthu, ndipo iye ndi anzake anasankha kudalira maloto ndi zinthu zongokumana mwangozi kuposa nzeru zolongosoka zimene zinalephera kuletsa nkhondoyo. Koma ine ndikuona kuti Chichewa chinafika kale pafupi ndi pamenepo. Chithunzi, mthunzi, chithunzithunzi, ndi mawu a mimba imodzi. Chimene kamera imagwira, m'chilankhulo chathu, ndi m'bale wake wa kanthu kakuda kaja kamakutsata pansi dzuwa likapendeka.

Zida zanga ndi Canon 600D yogula kwa mnzanga, lenzi yake ya 18-55, matochi awiri ndi galasi lalitali la kuchipinda. Choimikira kamera cha miyendo itatu ndilibe. Ndikuvundikira ndowa pampando, pamwamba pake kathumba ka mpunga, kamera n'kukhala pamenepo osagwedezeka.

22 Julayi

Ndinalawirira ku msika wa Tsoka, kuoloka mtsinje wa Lilongwe pa timilatho tamitengo tija tolipira. Maola atatu ndikuvundukula milu ya kaunjika. Ndapeza shati ya kolala yaikulu yosongoka ngati mapiko a namzeze, lamba wotambalala ndi wigi ya afro. Buluku la belibotomu lenileni palibe. Mnyamata wogulitsa anandionetsa majinzi otambalala kumunsi a masiku ano, koma amenewo amakhala m'munsi mwa mchombo, pamene a nthawi ijayo ankakwera mpaka pafupi ndi nthiti. Kusiyana kumeneko kamera siingakubise. Ndipita kwa telala.

5 Ogasiti

Lero ndilemba zambiri, chifukwa ndabwerako ndi chinthu chimene sindinapitire.

A telala amene anandilozera ali ku Kawale, pakhonde la sitolo, bambo achikulire a imvi, makina awo ndi Singer yopalasa ndi mapazi. Ndinawapatsa pepala limene ndinajambulapo bulukulo. Anavala magalasi, anayang'ana nthawi ndithu, kenako anati, "Mayi, limeneli mukufuna likhale la m'lamulo kapena lopyola lamulo?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Anatenga tepi pakhosi, anandiyeza pabondo, mainchesi 15. Anati pa bondo ngati limenelo, kumunsi kunkayenera kuthera pa 18. Nditafika kunyumba ndinafufuza ndipo ndinapeza kuti sananame. Lamulo lija litawonjezeredwa linakhudzanso mabuluku a amuna, ndipo linali ndi masamu ake: kuzungulira kwa mwendo wa buluku kumunsi kusapose 6/5 ya kuzungulira kwa pamene mwendowo wachepa kwambiri. Anthu ophunzira anakhala pansi muofesi n'kuwerengera kutambalala kwa buluku la mnyamata. Ine ndinawauza a telala kuti langa likhale 28.

Akudula nsalu anayamba kufotokoza. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume awo ali kamnyamata, nthawi imene amuna ambiri ankabwerera kuchokera ku Joni. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, boma linaimitsa kulemba anthu, ndipo m'zaka zotsatira amuna zikwizikwi anabwera kwawo. Ankafika ndi masutikesi, mawailesi, zipewa, ndi mabuluku otambalala amene ku Johannesburg anali fasho. Asanakaonekere kumudzi, ena ankayamba adzera kwa telala kuti awachepetsere. Mwendo uliwonse ankausula, n'kudulamo zidutswa ziwiri zazitali zosongoka kumwamba, n'kusokanso.

"Munthu wakhala chaka ndi miyezi pansi pa nthaka," anatero, "buluku limenelo waligula ndi thukuta lake, walivala kawiri kapena katatu. Amaima apa pamene mwaima inupa, kuyang'ana sizasi ikulowa."

Ndinafunsa kuti zidutswazo ankazitani. Anati zambiri zinkatsala, amalume awo n'kumasokera zigamba. Koma analipo ena amene ankatambasula dzanja, kuzipinda bwinobwino, kuika m'thumba la jekete, osanena kanthu.

Pomwepo ndinasintha maganizo. Ndinawapempha kuti asoke mabuluku awiri ofanana, lachiwirilo akalimaliza alichepetse, zidutswa andipatse. Poyamba anakana. "Kusoka kenako n'kudula, mwana wanga, kumeneko n'kuononga nsalu." Nditawafotokozera za chithunzi chimene chinandibwerera m'mutu, anakhala chete, kenako anati adula mmene amalume awo ankadulira, osati mwa chidule.

13 Ogasiti

Tsiku loyamba kujambula. Zithunzi 112, zonse zosaoneka bwino. Ndikadina batani la masekondi khumi ine ndimakhala ndikadali kuseri kwa kamera, ndiye lenzi imagwira khoma, ine pokaima ndimakhala chimbuuzi. Ndazindikira madzulo. Tsopano ndikuimika tsache pampando pamalo pamene pakhale nkhope yanga, kamera igwire tsachelo, kenako ndikusunthira kabatani ka palenzi ku MF kuti isasinthenso, ndipo pansi ndikulemba ndi choko popondapo. Ndikuika pa f/8 kuti ndikasuntha pang'ono ndisatuluke m'malo ooneka bwino.

27 Ogasiti

Magetsi anazima chakumadzulo Lachinayi, ndipo m'malo mogona ndinayesa chimene ndakhala ndikuchiwerenga. Mumdima wa ndiweyani kamera ikhoza kukhala chotsegula masekondi 30 osagwira kanthu. Imangogwira chokhacho chimene tochi yawalitsa. Ndinapachika nsalu yakuda kukhoma, ndinavala zakuda kupatula shati ija ya kolala, ndinaika ISO 100 ndi f/11. Ndinaima kumanzere nditavala wigi, kuyatsa tochi kunkhope masekondi awiri, kuzimitsa, kuvula wigi, kumanga duku mofulumira mumdima, kusuntha phazi limodzi kumanja, kuyatsanso. Chithunzi chimodzi, mitu iwiri, ndipo pakati pamene mapewa akumana shati ikuoneka ngati utsi. Palibe chimene ndawonjezera pa kompyuta. Pa ulendo wa 19 duku linamangika bwino ndipo mitu yonse iwiri inaoneka.

M'mawa mwake ndikuchapa, amayi a nyumba yoyandikana anandipatsa moni, kenako anati, "Asisi, usiku m'nyumba mwanu mumayaka chiyani?" Anaona pawindo kuwala kukuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, kwa ola lathunthu, munthu ali yekha. Ana awo anali atawauza kale kuti asamasewere pakhomo panga. Sindinawaone olakwa. Kuno ku Area 25 nyumba n'zothithikana, ndipo mphekesera ya zamatsenga ikangoyamba siibwerera m'mbuyo. Ndinawaitana kuti alowe, ndinawaonetsa ndowa, mpunga, nsalu yakuda, tochi. Madzulo anabweranso ndi mwana wawo wa Sitandade 6, tinatseka makatani, mwanayo anagwira tochi, ndinajambula iwo akuona.

Atayang'ana chithunzi cha mitu iwiri chija anati, "Koma chikuopsa." Anachiyang'ananso. "Uyu wa dukuyu akuoneka ngati akumudandaulira mnzakeyo." Ine sindinaone zimenezo, ndinkangoyang'ana ngati maso atuluka bwino. Iwo ndi amene anandiuza chimene chili m'chithunzi changa.

Mwanayo tsopano ndi wogwira tochi, ndi chilolezo cha mayi ake. Poyamba zinandivuta kuti kodi chithunzi chikadali chodzijambula ndekha ngati wina wandithandiza. Zinanditonthoza ndi za Claude Cahun, wojambula wobadwira ku Nantes ku France mu 1894, amene ankadzijambula atameta mpala, atadzipaka nkhope, nthawi zina ndi mitu iwiri ngati ine. Zithunzi zakezo ankapanga limodzi ndi Marcel Moore, ndipo ambiri amakhulupirira kuti kawirikawiri wodina kamera anali Moore. Awiriwa anasamukira pa chilumba cha Jersey mu 1937, Ajeremani atalanda chilumbacho ankalemba timapepala towatsutsa, anamangidwa mu 1944 n'kuweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anamasulidwa nkhondo itatha mu 1945. Munthu amene ankasewera ndi nkhope yake pagalasi ndi yemweyo amene anaika moyo wake pachiswe. Ndimakumbukira zimenezi anthu akamati ntchito ngati yangayi ndi kungodzikonda.

9 Seputembala

Masabata awiri osajambula, ntchito ya kuofesi inachuluka. Usiku ndakhala ndikuwerenga pafoni za achinyamata a m'mayiko ena amene anamenyana ndi akuluakulu pa nkhani ya zovala. Ku Paris, Ajeremani atalanda mzindawo, kunali ma zazou: majekete aatali, tsitsi lalitali, ambulera m'manja ngakhale kuli dzuwa, ndipo magulu a achinyamata otsatira boma ankawasaka n'kuwameta mokakamiza. Ku Léopoldville, imene lero ndi Kinshasa, m'zaka za m'ma 1950 kunali ma Bill, anyamata ovala ngati makaubo a m'mafilimu, ndipo Jean Depara anawajambula. Kulikonse nkhondo yake imathera pa tsitsi ndi pa mpendero.

Koma amene wandikhala pamtima ndi Samuel Fosso. Anabadwira ku Cameroon mu 1962, anathawa nkhondo ya Biafra ali mwana, ndipo mu 1975, ali ndi zaka 13, anatsegula studiyo yake ku Bangui, likulu la Central African Republic. Masana ankajambula makasitomala. Madzulo filimu ikatsala pang'ono, kuti isapite pachabe ankavala belibotomu, nsapato zazitali ndi magalasi akuda n'kudzijambula yekha, zina n'kutumiza kwa agogo ake ku Nigeria kuti aone kuti ali bwino. Dziko linadzaona zithunzizo mu 1994 ku Bamako. 1975 ndi chaka chomwe Lilongwe inakhala likulu. Ndimayesa kuganiza kamnyamata ka msinkhu womwewo kuno, m'studiyo ina ya ku Old Town, katatseka chitseko usiku. Mwina kanaliko. Ngati kanaliko, zithunzi zake zili m'sutikesi ya winawake.

Kenako ndinadzifunsa chifukwa chake ndikusakasaka kutali. Mganda wa ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Nkhotakota, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, si zomwezi kodi? Anyamata anaona perete wa asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ija, anatenga makabudula oyera ositidwa mpaka kuthwa, sokosi zofika m'mawondo, maudindo a usilikali, malipenga a zipanda, n'kupanga chinthu chawochawo chopikisana nacho mudzi ndi mudzi. Kutchena kunali mbali ya gule. Chithunzi chimodzi chidzakhala cha zovala za mganda, koma ndiyamba ndakambirana ndi amalume amene anavinapo, chifukwa ndi gule wa amuna ndipo sindikufuna kulowamo ngati wakuba.

Mnzanga wina anandiuza kuti ngati ndikufuna zachilendo ndingopeza chigoba cha gule wamkulu. Ndakana. Anthu a surrealism ku Paris ankakonda zigoba za ku Africa, ndipo Man Ray mu 1926 anajambula nkhope ya mkazi itagona pambali pa chigoba chakuda cha kumadzulo kwa Africa. Chithunzicho n'chokongola, koma chigobacho chinangokhala chokongoletsera, chopanda mwini, chopanda mudzi. Pamenepo sindiwatsata. Gule ali ndi eni ake, ali ndi dambwe lake, amatuluka pa maliro ndi pa chinamwali. Ine ndine wa kuno, sindinganene kuti sindimadziwa.

23 Seputembala

Ndinapita ku Likuni kukaonetsa amayi zithunzi zinayi zimene zatha. M'misewu jakaranda wayamba kuchita maluwa. Ndinali ndi chimwemwe, ndinkayembekezera kuti akadziona okha mwa ine atavala zimene anamanidwa, mtima uwagunda.

Anapukuta manja pachitenje, anatenga foni, anaitalikitsa kumaso. Mawu awo oyamba anali akuti, "Tsitsi ili si lathu." Iwo ankaluka ndi ulusi wakuda, kapena kuwongola ndi chipeso chotenthetsa pamakala, mafuta akununkha kupsa nyumba yonse.

"Nanga buluku, amayi, simunkalilakalaka?"

"Buluku la chiyani, iwe? Ine ndinkafuna nsapato."

Zinali nsapato za pansi pokhuthala, zazitali, pawindo la sitolo ina ya Amwenye m'tauni. Akatumidwa ku msika ankazungulira dala kuti adutse pamenepo. Lamulo silinaziletse. Inawaletsa ndi ndalama. Anati za kutalika kwa siketi sankaziganizira tsiku ndi tsiku, popeza telala aliyense ankadziwa kale pothera. Chimene chinkawaumitsa pakamwa ndi kufika pachipata cha msika kapena pokwerera basi n'kupeza kuti khadi la chipani latsala kunyumba. Komabe anakumbukira msuweni wawo amene anyamata ena anamuimitsa pa depoti n'kumusula mpendero wa diresi anthu akuona, ndipo pofotokoza zimenezo mawu awo anatsika. Mtsikanayo sanavalenso diresilo.

Kenako anatsegula alubamu n'kuyamba kundiuza zimene sindinafunsepo. Zithunzi n'zochepa chifukwa wojambula ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, kulipira theka, kudikira mwezi, nthawi zina osamuonanso. Ndiye tsiku lojambulitsa munthu sankavala zake. Diresi la madontho la m'chithunzi chimene ndimachikonda kuposa zonse linali la mnzawo. Wotchi ya pamkono inali ya achimwene awo, ndipo inali yakufa. Wailesi imene aigwira m'chithunzi china inali ya wojambulayo, ankayenda nayo kuti anthu azigwira. "Tinkafuna tioneke ngati mmene tinkadzionera," anatero.

Mu minibasi pobwerera ndinali chete njira yonse. Ndinawaikira amayi chilakolako changa ine, osawafunsa chawo. Ndipo alubamu imene ndinkaiyesa umboni wa zimene zinalidi, nayonso ndi ya maloto, yovala zobwereka, yofanana ndi zimene ndikuchita m'chipinda mwanga ndi tochi. Za lamulo sindizisiya, chifukwa mpendero wa msuweni uja unasulidwadi ndipo zidutswa za a telala zili m'kabati mwanga. Koma pa zithunzi zisanu ndi zitatu zotsala, zinayi ndazifufuta papepala. Zidzachokera pa zimene amayi anena, ndipo wigi ndaibweza m'jumbo.

7 Okutobala

Chithunzi cha zidutswa chatheka.

Tinanyamuka kusanache, ine, wogwira tochi uja ndi mayi ake, kupita pa bwalo lopanda nyumba cha ku Kanengo, pamene nkhokwe zazitali zija za chimanga zimaonekera patali. Udzu anautentha, pansi pali bii, lupsa lokhalokha. Tinazika nsungwi ziwiri kunja kwa pamene kamera ikuona, pakati pake tinamanga ulusi wa mbedza mizere iwiri, ndipo pa ulusipo tinakoleka zidutswa zinayi zija, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, msinkhu wa katumba. Ine ndinavala buluku lochepetsedwalo n'kuima pakati, kuti chidutswa chilichonse chilendewere m'malere pamalo pomwe chinali chisanadulidwe, chotalikirana ndi mwendo ngati chikhatho chimodzi. Tsitsi ndinaluka la ulusi, anandiluka ndi amayi aneba omwewo usiku wake, ndipo mutu unkakoka mpaka m'maso.

Mphepo ndi imene inativuta. Zidutswa zinkazungulira n'kuonetsa kumbuyo. Tinasokerera timiyala m'munsi mwake, zinakhazikika koma zinaoneka zakufa, ngati zovala zoyanika. Tinachotsanso timiyala tiwiri. Anyamata a kabaza opita kukadikira anthu a ku mafakitale anaima kuonerera, mmodzi n'kufunsa kuti, "Asisi, mukujambula nyimbo?" Nditawauza nkhani ya mabuluku a ku Joni, wina anati agogo ake anapita ku Wenela kawiri, ndipo anatsala kutigwirira nsungwi mpaka tinamaliza.

Pa zithunzi 61, chimodzi ndicho chabwino. Dzuwa linali litangotuluka, kamphepo kananyamula zidutswa zonse zinayi nthawi imodzi, ndipo kamera itatsegula kwa 1/250 ya sekondi zinaima m'mwamba zitatambasuka, moti diso limayamba laona belibotomu wathunthu, kenako n'kuona kuti pakati pa nsalu ndi mwendo pakudutsa kuwala. Ulusi wa mbedza ukunyezimira pang'ono mbali imodzi. Ndikanatha kuufufuta pa kompyuta, koma ndausiya.

Ndinatsukitsa chimodzi n'kupita nacho ku Kawale. A telala anaimitsa makina. Anayamba ayang'ana msoko, chala chikutsata mwendo wa buluku kuchokera pabondo kutsika. "Ndinadula bwino," anatero. Kenako anakhala nthawi yaitali osalankhula, chithunzi chili pamiyendo. Pochoka anandipempha kuti chimenecho chitsale, akachikhome pamwamba pa makina.

21 Okutobala

Ndinayesa pa kompyuta njira ya Man Ray ndi wojambula mnzake Lee Miller yosandutsa mbali zina za chithunzi kuti zakuda zioneke zoyera, mzere wakuda n'kuzungulira thupi. Iwo ankaichita m'chipinda chotsukira zithunzi powalitsa filimu isanamalize kutsukidwa. Yanga ikungooneka ngati zokongoletsa za pafoni. Ndaisiya.

Chimene chandigwira mtima ndi chidede. John Herschel analemba mu 1842 za kusindikiza zithunzi ndi madzi a maluwa ndi masamba, ndipo njira yake siifuna mankhwala ogula kunja. Dzuwa limafufutsa mtundu pamene lafika, pamene latchingidwa mtundu umatsala. Ndinaviika chidede chouma m'madzi otentha ochepa mpaka anachita kuderako, ndinasefa ndi kansalu, ndinapaka papepala lokhuthala kanayi, kudikira liume mumdima ndisanapakenso. Chithunzi ndinakasindikizitsa pa pulasitiki yoonekera ku sitolo ya zosindikiza. Chiyenera kukhala chooneka mmene chilili, osati chotembenuza ngati negativi, popeza pakuda m'pamene pateteze mtundu. Pulasitikiyo pamwamba pa pepala, galasi la felemu yakale pamwamba pake, mapegi m'mbali, n'kuika padenga la malata.

Pepala loyamba linandidabwitsa: chidede chofiira chitangokhudza pepala chinasanduka chabuluu motuwa. Nditathira madontho a mandimu m'madziwo chinakhala chofiira. Mitundu yonse iwiri ndaisunga.

Tsiku lachitatu ndinasuzumira pakona, palibe. Lachisanu ndi chimodzi, kamthunzi. Amayi pafoni anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachisanu ndi chinayi, ndi dzuwa la Okutobala lomwe likuwotcha malata moti sungaike dzanja, ndinachotsa pulasitiki ndipo ndinadziona nditaima pakati pa zidutswa, mofiirira ngati chipsera chakale. Ndayesanso ndi madzi a nkhwani wosinja: obiriwirawo atulutsa chithunzi tsiku limodzi lokha, koma n'chofooka.

Vuto lake, kapena khalidwe lake, n'lakuti palibe chokhazikitsira chithunzicho. Dzuwa lomwe lachipanga lidzachifufutanso chikakhala poyera. Chiyenera kusungidwa mumdima n'kumatulutsidwa pofuna kuonetsa munthu. Ndachiika pakati pa zitenje zanga. Sindinadziwebe kuti ndidzazionetsa bwanji kwa anthu ambiri, mwina m'bokosi loti aliyense azitsegula yekha n'kutsekanso.

4 Novembala

Pamene ndafika: zithunzi zisanu ndi ziwiri zatha, ziwiri zili pakati, zitatu sindinayambe. Za chidede zatuluka zitatu. Chachinayi chinaonongeka Lachitatu, mvula yoyamba itagwa ine ndili kuntchito. Madzi analowa pansi pa galasi, mtundu wonse unasungunuka, masiku asanu ndi atatu a dzuwa anapita. Ndinalira. Ndapakanso pepala lina, ndipo amayi aneba avomera kuti mitambo ikamasonkhana azilichotsa padenga. Masiku a dzuwa lodalirika atsala ochepa, zotsalazo mwina zidikira Meyi.

Amalume avomera za mganda, koma akuti adzabwere okha kudzandiveka, chifukwa sokosi ndi mpango wa m'manja zili ndi kavalidwe kake.

Chimene ndikugwira tsopano ndi cha nsapato. Ku Tsoka sindinazipeze, ndiye kalipentala wina ku Mchesi akundisemera zapansi zake ndi mtengo wa malaina, umene ndi wopepuka, ndipo wosoka nsapato adzaikapo malamba. Ndawauza kuti kutalika kukhale masentimita 30, kuposa nsapato iliyonse imene inakhalapo pawindo, chifukwa kwa mtsikana woima kunja ziyenera kuti zinkaoneka choncho. Saizi ndi 6, ya amayi. Ine ndimavala 5. M'chithunzimo sindidzazivala. Zidzakhala kuseri kwa galasi, ine kuno, ndipo ndikuyesa kupeza poima poti chithunzithunzi cha mapazi anga pagalasipo chilowe m'nsapatomo. Ndayesa ndi masilipasi pa windo la kuchipinda: zimatheka pokhapokha mbali yanga ikawala kuposa mbali ya nsapato, ndiye tochi imodzi ndiikulunga ndi pepala kuti ichepe mphamvu.

Usiku wathawu amayi anaimba foni ine nditagona kale. Ndinadzidzimuka, ndimayesa kwagwa zovuta. Anati akhala akuganiza, ndipo anandiuza molakwa tsiku lija. Malamba sanali amodzi. Anali awiri, wina wodutsa pamwamba pa zala, wina wozungulira kakolo, wa kachitsulo kagolide, ndipo mtundu wake sunali wakuda koma wofiirira ngati chikuto cha alubamu. Anandiuza kuti ndilembe ndisaiwale. Ndalemba, ndipo Lolemba ndikaweruka ndidzera ku Mchesi wosoka nsapato asanadule chikopa.